Besi Yamanzere ya Zitsulo Zinayi

Ku Matero, mu Lusaka, kuli mkangano umene watha zaka zoposa makumi anayi osazilala, ndipo amene amaukonda kwambiri ndi anthu amene sanagwirepo gitala chibadwire. Mkanganowo ndi wa bandi ya Zitsulo Zinayi, imene inkaimba nyimbo za roko m'maholo a m'makomboni m'zaka za m'ma 1970. Funso lake ndi limodzi: katswiri wa besi, gitala ya mawu okhuthala, anali Kasoma Mwango, amene anayamba ndi bandiyo, kapena Whyson Kafula, amene analowa m'malo mwake? Ambiri amagamula asanaganize. Amati Kasoma anali mphezi, zala zake zinkathamanga pakhosi pa gitala osaoneka, pamene Whyson ankangogunda pang'onopang'ono ngati munthu wokhoma misomali. Ndiye amamaliza ndi kunena kuti Kasoma akanapanda kuchoka, bandiyo ikanamveka mpaka kutsidya kwa nyanja.

Zoona zake n'zakuti Zitsulo Zinayi inadzipha yokha. Inatulutsa chimbale chimodzi, chachiwiri chinathera m'malonjezo ndi m'mabotolo, ndipo eni mabala atapeza kuti makina oimba nyimbo safika mochedwa ndipo saledzera, anaitsekera zitseko. Koma anthu sakonda mlandu wopanda mwini, choncho anausenzetsa Whyson.

Whyson anaumva mlanduwo zaka zonsezi ali pa benchi yake yopalira matabwa ku Kalingalinga, ndipo sanauyankhe ndi tsiku limodzi lomwe. Panali zinthu ziwiri zimene okanganawo sankazidziwa. Choyamba chinali chakuti Kasoma ndi wamanzere, ndipo besi ya bandiyo anaimanga nsambo mwa dzanja lake. Pamene anathawira ku Kitwe kukayendetsa malole, anaisiya chomwecho. Masiku amenewo nsambo za besi sizinkapezeka m'sitolo iliyonse ya mu Lusaka, ndipo zakalezo zinali zadzimbiri, moti kuzimasula kunali kuzidula. Whyson, amene ndi wakumanja, anainyamula besiyo mwa dzanja lake, nsambo yaikulu ili pansi, yaing'ono ili pamwamba, naphunzira nyimbo zonse chozondoka m'masabata awiri. Nsambo zitayamba kupezeka, dzanja linali litazolowera kale, ndipo sanasinthenso. Chachiwiri chinali chakuti Whyson ndiye anaimba besi pa nyimbo zinayi za kuseri kwa chimbale chija, kuphatikizapo "Madzi a ku Kanyama", imene anthu amaivinabe paukwati mpaka lero. Koma pachikuto panalembedwa dzina la Kasoma lokha, chifukwa chikutocho chinasindikizidwa Kasomayo asanachoke.

Chaka chino kunamveka kuti otsala a bandiyo adzaimba Loweruka masana pa chikondwerero cha nyimbo zakale ku Matero. Wokonza chikondwererocho, mayi wina dzina lake Towera Mpundu, anakatenga Kasoma ku Kitwe. Whyson sanaitanidwe. Anamva nkhaniyo pa wailesi akupala chitseko cha munthu, ndipo anachipala mpaka kumaliza. Komabe mumtima mwake ankafuna chinthu chimodzi asanafe: kuima pansanja ija, pamaso pa anthu a ku Matero, ndi kuimba nyimbo zake ndi manja ake.

Lachitatu m'mawa Towera anatulukira pakati pa mipando ndi mabedi oyalidwa m'mbali mwa msewu. Anapereka moni mwaulemu, nakhala pa kampando kamene kanali kasanapakidwe vanishi, kenaka anafotokoza vuto lake. Besi imene anabwereka inali yakumanja. Kasoma ataitembenuza anapeza nsambo zili chozondoka, ndipo sanathe kuimba ngakhale mzere umodzi. Mwini wake anakana kuti nsambo zisinthidwe, poti zimenezo zikanafuna kusema kachidutswa ka pakhosi pamene nsambo zimadutsa. Anazungulira tauni yonse kufunafuna besi yamanzere, osaipeza. Pamapeto pake Wilbroad, woimba wamkulu wa bandiyo, ndiye anakumbuka kuti besi yakale ija ili ku Kalingalinga.

"Ba Kafula, nabwera kupempha," anatero Towera. "Mutibwerekeko chabe masiku atatu."

"Mwabwerera gitala," anayankha Whyson, akupukuta utuchi m'manja. "Ine munanidutsa."

Towera anayang'ana pansi, nanena kuti iye anangotsatira dzina limene lili pachikuto, ndiponso zimene anthu amakamba. Whyson anaona kuti mpeni wonse uli m'manja mwake. Akanatha kukana, chikondwererocho n'kukhala chopanda besi. Akanathanso kunena kuti gitala ituluka pokhapokha iye akaimba. Koma anadziwa kuti akakwera pansanja mwa njira imeneyo, a ku Matero adzati Kafula anagula malo ndi gitala, ndipo mkangano udzapitirira pomwe unalekera. Iye sankafuna kupatsidwa malo ngati wopemphetsa. Choncho anauza Towera kuti besiyo ndi ya bandi, si yake, ndipo sangaimane. Koma palibe wina adzainyamule. Adzabwera nayo yekha kokayeserera.

Tsiku lotsatira anakwera minibasi ndi besi yokulungidwa m'bulangete, ataiimika pakati pa miyendo. Anatsika m'tauni, nakwera ina ya ku Matero, ndipo kondakitala atafuna kuiponya besiyo kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala, Whyson anamuyang'ana kamodzi kokha, kondakitalayo n'kubweza dzanja. Anafika ku holo dzuwa lili paliwombo. Wilbroad anali akukonza gitala yake, Mukupa woimba ng'oma akumanga zitsulo zake, ndipo pakati pa nsanja panakhala Kasoma, atanenepa, mutu uli mbuu, koma pakamwa pali pomwe paja.

"Wabwera, kalipentala," anatero Kasoma. "Gitala yanga sunaipale kupanga mpando?"

"Ukanaikonda sukanaisiya ngati mwana wamasiye," anayankha Whyson. "Gwira bwino, ndi yaikulu kuposa malole ako."

Kasoma anaseka, navundukula bulangete, ndipo kuseka kunatha. Khosi la besiyo linali lowongoka, nsambo zatsopano, zomangidwa monga momwe anazisiyira. Anaikoleka paphewa, naigunda kawiri, bandi n'kuyamba nyimbo za kumaso kwa chimbale.

Whyson anakhala pa benchi yakumbuyo, manja ali pamaondo, namvetsera monga mmisiri amayang'anira ntchito ya mmisiri mnzake. Sanadzinamize. Zala za Kasoma zinali zitakalamba koma zinali zisanaiwale. Zinkakwera ndi kutsika, kulowa pakati pa mawu a Wilbroad ndi kutulukamo, ndipo panali malo ena pamene Whyson anavomereza mumtima kuti iye sakanafikapo ngakhale atapatsidwa zaka zina makumi anayi. Zimenezo sizinamuopse. Ankadziwa nyimbo imene inali kubwera.

"Madzi a ku Kanyama" imayamba ndi besi yokha. Mukupa anawerenga ndi timitengo take, Kasoma analowa, ndipo pa mzere wachiwiri anapunthwa. Anati ampu yokuzira mawu ikulira molakwika. Anayambanso, napunthwa pomwepo. Kachitatu anayesa kupazemba pamalopo ndi tizokometsera take, koma Wilbroad anakweza dzanja, nanena kuti anthu amavina mzere umenewo, ndipo ukasintha adzadziwa.

Vuto linali loonekeratu kwa aliyense wodziwa gitala. Mzere uja umafuna kuti chala cholozera chikhale pa nsambo yaing'ono, pamene chala chaching'ono chikudumphadumpha pa nsambo yaikulu. Kwa munthu wogwira besi chozondoka, nsambo yaikulu ili pansi, pafupi ndi chikhatho, ndipo chala chaching'ono chimangoigwera. Kwa Kasoma inali pamwamba, ndipo kachala kaja kankayenera kuwoloka khosi lonse ndi kubwerera, kanayi pa mzere uliwonse.

Towera, amene anaima pafupi ndi nsanja ndi mapepala ake, anafunsa mwaulemu ngati ba Mwango angafune kumvanso chimbale kuti akumbuke mmene anaimbira. Wilbroad anayamba kupotokola zomangira nsambo za gitala yake, imene inali yokonzeka kale. Whyson sanasunthe pa benchi. Anali atatsimikiza kuti zoona za nyimboyo sizidzatuluka m'kamwa mwake.

Kasoma anayang'ana zala zake kwa kanthawi, kenaka anavula lamba paphewa.

"Mayi, ningakumbuke bwanji vinthu vamene sin'naimbe? Nyimbo iyi inajambulidwa ine nili pa msewu wa ku Ndola. Mwini wake ndi uyo wakhala kumbuyo ngati ali pamaliro." Anatambasula besi. "Bwera, kalipentala. Zala zako ndiye zinapindika bwino."

Whyson ananyamuka osafulumira. Anakwera pansanja, nalandira besi, naitembenuzira kumanja, nafupikitsa lamba ndi mabowo awiri. Sanadikire kuti Mukupa awerenge. Mzere uja unatuluka wolemera, wosathamanga, notsi iliyonse ikugwa pamalo pake ngati njerwa pa chingwe cha womanga. Azimayi awiri amene ankakolopa kukhomo kwa holo anaimika mopu, mmodzi n'kuyamba kugwedeza chiuno. Wilbroad analowa ndi mawu, ndipo anaimba nyimbo yonse mpaka kumapeto osaima.

Atamaliza, Towera anafunsa ngati ba Kafula angalole kuimba nyimbo imeneyi Loweruka. Whyson anayankha kuti nyimbo za kuseri kwa chimbale ndi zinayi, ndipo adzaimba zinayi zonse. Za kumaso ndi za Kasoma, ndipo iye sadzazikhudza, chifukwa sangaziimbe monga mwini wake. Anawonjezera kuti wolengeza adzanene poyera, anthu onse akumva, amene anaimba ziti. Kasoma anadandaula kuti ndiye kuti iye wachokera ku Kitwe kudzaimba theka, koma Wilbroad anamukumbutsa kuti ngakhale kale anaimba theka lomwelo. Towera analemba.

"Tipitirize," anatero Whyson, akutembenukira ku ng'oma. "Iwe Mukupa, pakati paja unathamanga. Tiyambirenso, ndipo unimvere ine."