Jombo za Ackim Zilowa M'chigayo

Mayi Makwinja anali ndi chigayo kuseri kwa msika wa Lirangwe, ndipo ankachisamala kuposa mmene ena amasamalira ana awo. Anachigula ndi penshoni ya malemu amuna awo, amene anali mphunzitsi. Choncho atamva pa wayilesi, zaka zoyambirira za matipate zija, kuti lamulo likuti wolemba ntchito azipatsa antchito ake zovala zodzitetezera, sanadikire kuuzidwa kawiri. Anakwera minibasi ya ku tauni, nabwerako ndi ovololo yabuluu, jombo zakuda ndi chotchinga kumphuno.

Wantchito wawo anali mmodzi yekha, Ackim, munthu wamkulu ndithu koma wosakwatira, kwawo kwa Kuntaja. Katunduyo anamulandira ndi manja awiri, nanunkhiza jombozo atatsinzina.

"Zikomo, mayi. Mulungu abwezere pomwe mwachotsapo."

M'mawa mwake anabwera ali m'kabudula wake wakale ndi masilipasi omanga ndi waya. Mayi atafunsa, iye anati ovololo waichapa, sinaume. Mlungu winawo anati jombo zikumuthina pang'ono. Mayi aja, pokhala otanganidwa ndi za Mvano komanso za kumunda, anatopa n'kufunsa. Apatu analakwa nawo, tisawabisire.

Zoona zake zinali izi. Chibadwire, Ackim anali asanavalepo nsapato imene phazi la munthu wina silinayambe lalowamo. Zonse zinali za pa kaunjika. Ndiye jombo zonyezimira chonchi akazilowetse mu ufa? Mtima wake unakana. Anazisunga m'sutikesi, ndipo zinkatuluka Lamulungu lokha, mayi ali kutchalitchi. Ankazipaka mafuta odzola, n'kuvala ovololo yosita bwino, ulendo wa ku Chileka kukaona Tawina, mkazi amene ankafuna kumanga naye banja. Kumeneko anthu ankamuyesa wokonza ndege. Iye sananene kuti ndi zoona, komanso sanatsutse.

Tsiku lina anthu atangokolola, mzere wa madengu utafika mpaka pamsewu, panaima njinga yamoto. Anatsika bambo wovala tayi, nadzitchula kuti ndi a Kachingwe a ku ofesi yoona za ntchito. Analonjera mwaulemu, nalowa m'chigayomo. Anapeza Ackim atayera mbuu kuyambira kutsitsi mpaka kuzala za kumapazi, akukhosomola uku akukoka thumba.

A Kachingwe anapempha kuti injini izimitsidwe.

"Mayi, zovala zogwirira ntchito za munthuyu zili kuti?"

"Ndinamugulira, bwana. Zonse."

"Aliyense amayankha choncho, mayi. Dzulo wina anandilumbirira Baibulo lili m'manja, wantchito wake akuwotcherera zitsulo opanda magalasi." Anayang'ananso mapazi a Ackim aja, napukusa mutu. "Zikakhala chonchi, chigayo chiyamba chaima mpaka zinthu zikonzedwe. Palinso chindapusa."

Mayi Makwinja anayang'ana mzere wa madengu uja. Kutseka chigayo nthawi yokolola! Madengu onsewo akanangowoloka msewu kupita kuchigayo china, ndipo kasitomala akazolowera kwina sabwerera. Mantha anawagwira zenizeni, moti pakamwa pawo, pamene pamatha kulalikira ola lathunthu, panauma gwa.

A Kachingwe anatembenukira kwa Ackim.

"Achimwene, musaope munthu. Lamulo lili kumbali yanu. Anakupatsani kapena sanakupatseni?"

Ackim anayang'ana pansi. Akanena kuti anapatsidwa, ndiye kuti wolakwa ndi iye, ndipo m'maganizo mwake ntchito inali yothera pomwepo. Ntchito ikatha, amalume ake a Tawina akawauza chiyani? Koma akanena kuti sanapatsidwe, ndiye waphetsa chigayo cha mayi amene sanamulakwirepo n'kamodzi komwe. Amayi a madengu anali atadzaza pakhomo, makosi atatalika.

"Anandipatsa, bwana."

"Zili kuti?"

"M'sutikesi."

"Zikutanimo m'sutikesimo?"

"Zikudikira Lamulungu, bwana. Ndimapita nazo kwa a Tawina ku Chileka."

Phwete loyamba linachokera kwa mayi wina wonenepa amene anali kutsogolo kwa mzere. "Eeh! Ndiye injiniya timamuona pa siteji Lamulungu lililonse uja ndi iweyo? Ife timachita kukupatukira!" Khomo lonse linaphulika ndi kuseka. A Kachingwe anayesa kuugwira mtima, poti anali pa ntchito ya boma, koma zinakanika. Anavula magalasi n'kupukuta misozi ndi tayi.

"Chabwino," iwo anatero atapezako mpweya. "Mvetserani nonse awiri. Inu mayi, kugula kokha sikukwanira. Muyenera kuonetsetsa kuti zikuvalidwa. Inunso achimwene, lamulo lomweli likukumangani. Mwapatsidwa, valani. Mukakana, mayiwa ali ndi ufulu wokuchenjezani, ndipo mukapitiriza, ntchito itha ndithu. Kwa lero sindilemba kanthu ngati ndiziona zili m'thupi. Thamangani."

"Ndiye kuti sindinachotsedwe, bwana?"

"Funsani eni ake."

Mayi Makwinja anali atapezanso lilime lawo. "Iwe Ackim, ukuimanso? Liwiro!"

Anabwerera akupuma wefuwefu, jombo atazikumbatira pachifuwa ngati khanda. Anavalira kuseri, ndipo atatulukira, amayi aja analuluta. Kunena zoona, munthuyo zinamukhala. A Kachingwe anamuzungulira, namukonzera chotchinga kumphuno chimene anachivala mozondotsa, kenako anatsanzika, n'kunena kuti adzabweranso tsiku limene sanena.

Injini inaliranso. Dengu loyamba litangolowa, ufa unayamba kugwa pang'onopang'ono pa jombo zija. Ackim anawerama n'kupukuta ndi kansanza. Anakoka thumba, naweramanso kupukuta. Pofika dengu lachitatu jombo zinali zitayera, ndipo pamwamba pa chotchinga chija maso ake anali atalengeza misozi. Zinamupweteka kwambiri, ndipo amayi a pamzere aja ataona zimenezo analeka kuseka.

Mayi Makwinja anamuyandikira, nakweza mawu kuti amveke pa phokoso la injini.

"Ackim, zisiye zide. Jombo zikatha ndigula zina, ndi udindo wanga umenewo. Nanga chifuwa chakocho chikatha ndi ufa, Tawina ndikamuuza kuti akagule kuti china?"

Ackim anaponya kansanza kaja pawindo, nakuwira mayi wotsatira kuti abweretse dengu lake.