Marjory Pagolo, Makina ku Kamwala

Ine za hendibolo sindinkazifuna pakhomo panga. Chaka chimenecho unga unkasowa, sopo ankasowa, mafuta ophikira tinkangomva kuti afika ku Matero, ife a ku komboni ya George tikamafika n'kuti atatha. Pakhomo pankafunika miyendo yoima pamzere. Koma mwana wanga Marjory, wa miyendo yaitali kuposa tonse, ankapita nayo kukaima pagolo kuti anzake azimugenda ndi mpira. Pobwera, ntchafu zotupa, zala zokulunga ndi tepi, njala ya anthu awiri.

Ndiye ndinakwera minibasi kupita ku Kamwala kwa Ba Majidi, telala amene ankandidziwa kuyambira ndili mtsikana. Anali ndi makina amodzi opanda munthu, ndipo anavomera kuphunzitsa Marjory kusoka.

"Koma makina sakonda kukhala chabe, Bana Marjory," anatero, pondiitana ndi dzina la mwana wanga. "Mwezi uno ukasila, nizapasa wina."

Sabata lomwelo Marjory anaitanidwa mu timu ya dziko. Anandipeza ndikuchapa, natola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi pabwalo la nyumba. Akuti matimu a mayiko a kuno kumwera akumana mu Lusaka, awagawa m'magulu awiri, kuchoka m'magulumo kuli semi, kenako fainolo, ndipo njira ya ku mpikisano wa Africa yonse ndi yomweyo. Ochita bwino ku Africa ndiwo amakaona mpikisano wa dziko lonse lapansi.

"Manje ba mami, pa semi paja..."

"Iwe, usanijambulile pa lubanza panga, napyanga kuseni. Tipangane. Mukapita ku Africa kwanuko, pitiliza. Mukakangiwa, pa Mande uli pa makina ya Ba Majidi, na mpira wasila. Wamvela?"

Anandiyang'ana, nafufuta zojambulazo ndi phazi. "Namvela."

Anapita kukampu. Chapakati pa sabata anatumiza mawu kudzera mwa Ba Ketty, oyandikana nafe, kuti Lachisanu ndisalephere kubwera. Koma Lachisanu unga unafika, ndipo ine ndinali pamzere kuyambira m'mawa. Ndinati semi ndi semi basi, ndidzaonera fainolo. Madzulo Ba Ketty anabwera mawu atasasa, akuti atsikana apambana ndi chigoli chimodzi ndipo ankalira ngati pamaliro. Ndinati ana a masiku ano, kulira ntchito isanathe.

Lamlungu ndinachoka kutchalitchi n'kupita ku holo kukaonera fainolo ndi yunifomu yanga yomweyo. M'chikwama ndinaika sizasi yanga yakale, nditainoletsa, yoti Marjory akayambire kwa Ba Majidi. Ba Ketty anali atandiuza kale kuti alendo amene akukumana nawo sanagonjepo, ndipo nditawaona ndinakhulupirira. Atsikana aatali ngati mapolo a magetsi, mapewa ngati onyamula matumba ku msika wa Soweto.

Ndinali ndisanaonerepo masewerawa. Ndinkaganiza kuti ndi netibolo yopanda masiketi. Ayi ndithu. Amathamanga, amakankhana, wina amadumpha n'kuuluka kulowera kugolo, ali m'malere n'kuponya ndi mphamvu zake zonse. Ndipo kutsogolo kwake kwaima mwana wanga, wopanda chodzitchinjiriza nacho, akutambasula manja ndi miyendo ngati chule.

Mpira woyamba unalowa. Wachiwiri unalowa. Wachitatu anautchinga ndi bondo. Wina unamumenya patsaya, phokoso lake ndinalimva ndili pamwamba, ndipo ndinapezeka ndaimirira, ndikukalipira amene anauponya.

"Iwe nambala faivi! Unamubala ndiwe?"

Anthu anaseka. Marjory anangopukusa mutu n'kubwerera pamalo pake. Kenako alendo anapatsidwa penate. Holo yonse zii. Mtsikana woponya ananamizira kumanzere n'kuponya kumanja, koma mwendo wa Marjory unali utafika kale. Anthu anayamba kuimba dzina lake, dzina limene ine ndimaliitana akaiwala kutunga madzi. Bambo wina pambali panga anandifunsa ngati ndikumudziwa kipayo.

"Ni wanga," ndinatero. "Miyendo iyo ni ya kwathu."

Koma zigoli zinkalowabe. Kipa mmodzi sangatseke zonse. Wezulo yomaliza italira, alendo anali patsogolo kutali, ndipo panalibe chokayikitsa: tagonja.

Ndinakhala pansi, chikwama pamiyendo. Ndinapeza zimene ndinkafuna. Mawa mwana ali pa makina, kumapeto kwa chaka akusoka mayunifomu a sukulu, pakhomo papepuka. Koma sizasi ija inkandilemera ngati njerwa. Ndinaganiza za miyendo imeneyo ikupalasa makina tsiku lonse m'kachipinda ka ku Kamwala. Ine sindine munthu woganiza nthawi yaitali. Ndinatsika masitepe, ndinakankha mlonda amene ankati makolo saloledwa, n'kulowa m'bwalo.

Atsikana anali ataunjikana pakona, atagwirana m'mapewa, mitu pansi. Ndinati akulira. Ndinamukoka Marjory ndi jezi.

"Mvela, nikamba kamozi chabe. Vija tinapangana visiye. Mwaluza, inde, koma mpira susiya. Ba Majidi bapase wina makina yao. Uluze, uwine, ine sinizakukanizanso. Pamzere nizaimilila neka."

Marjory anatsegula pakamwa, tsaya lili lotupa. Apo m'pamene ndinaona kuti palibe amene ankalira. Ankapemphera, ndipo tsopano onse ankandiyang'ana. Kaputeni wawo, Mwewa, kamtsikana kakafupi ka ku Chawama, anafunsa mwaulemu wonse:

"Ba mami, bwezaniponi. Uluze, uwine...?"

"Sinizamukaniza. Uli na vuto ya matu?"

"Mwamvela monse?" Mwewa anakuwa. "Mboni tilipo!"

Anaphulika kuseka, ena mpaka kugwa pansi. Wina anayambitsa nyimbo, n'kuyamba kuvina mondizungulira. Alendo opambana aja anaima ndi chikho chawo akutiyang'ana, osamvetsa.

"Muvina chani imwe? Mwaluza!"

"Ba mami," Marjory anatero, misozi ya kuseka ikutsika, "ku Africa kuyenda matimu yabili. Bonse bofika mu fainolo. Tinapita kudala pa Chisanu! Lelo tenze kulimbilana chabe chikho."

"Nanga sunaniuze bwanji?"

"Ninayamba kujambula, munati mwapyanga."

Ndinaima pamenepo ndi yunifomu yanga ya tchalitchi. Pangano anali atapambana yekha kuyambira Lachisanu, ine ndili pamzere wa unga, ndipo lero ndamuonjezera lina laulere, la moyo wonse, pamaso pa timu yonse ya dziko.

"Vija nakamba nabweza," ndinatero.

"Vakana!" onse pamodzi.

Mwewa anandimanga jezi yake m'chiuno, yonyowa ndi thukuta, n'kundikokera pakati. Ndinavina pang'ono, poti mawondo anali akadali ndi mzere wa Lachisanu. Ba Ketty ankaimba nthungululu kuchokera pamwamba, ndipo ndinadziwa kuti George yense amva nkhaniyi dzuwa lisanalowe.

Nyimbo itatha Marjory anakhala pabenchi, akulimbana ndi tepi ya pazala zake ndi mano.

"Leka, uzathyola meno," ndinatero. Ndinatulutsa sizasi m'chikwama, ndinagwira dzanja lake n'kuyamba kudula tepiyo chala chimodzichimodzi.

Anaiyang'ana sizasiyo, nandiyang'ana ine. "Ba mami, iyi munabwela nayo ya chani?"

"Ya tepi. Leta kwanja inangu."