Tsitsi la Ulemu

Zione analota akulowa m'buku lake lomwe. Ntchito yake inali yojambula mabuku a zithunzi a ana a pulayimale, aja a mizukwa yosowa mtendere ndi tiana tochenjera tofufuza chimene chikuivuta. Tsamba lililonse amaligawa m'timabokosi, ndipo m'malotomo timabokosito tinali zipinda zopanda denga, dzuwa lili paliwombo.

M'chipinda choyamba munali mtsinje woyenda chokwera khoma. Anawoloka osanyowa. M'chachiwiri munali basi ya ku Joni, injini ili chilirire, okwera onse atafunda zitenje kumutu. Kondakitala anali labala wake wofufutira uja, wakuda mbali imodzi.

"Amene mukuwafuna sanakwere muno, mayi," anatero labalayo mwaulemu. "Munangowalembetsa."

Zione anadziwa amene akunenedwa. Mkulu wake Esinati anamwalira nthawi ya dzinja, n'kusiya mwana wamkazi wa sitandade faifi, dzina lake Ulemu. Akuluakulu a pabanja anagwirizana kuti mwanayo asauzidwe. Pa maliro anamutumiza kwa achibale ku Ntcheu, ndipo atabwerako anamuuza kuti amayi ake apita ku Joni kukagwira ntchito. Zione, yemwe anamutenga kukhala naye, anavomera. Paja amati mawu a akulu akoma akagonera, koma awa anagonera n'kusasa.

M'chipinda chachitatu anapeza Esinati atakhala pa khonde. Anali wa pensulo yekhayekha, wopanda inki, monga mmene Zione amajambulira mizukwa yake yonse, moti khoma linkaonekera pachifuwa pake. Mawu ake sankamveka. Ankatulukira pamwamba pa mutu m'kamtambo koyera, ndipo Zione ankachita kuwawerenga.

"Mwaswera bwanji, achemwali?" anafunsa Zione atagwada.

"Sindinaswere, mng'ono wanga. Maliro anga sanathe."

"Tinakuikani mwaulemu wonse. Tinameta, anthu n'kubalalika."

"Mwana wanga munammeta?"

Kwawoko maliro amatsekedwa ndi kumeta, ndipo aliyense wa magazi anasiya tsitsi lake pabwalo tsiku limene lija. Mutu umodzi wokha ndi umene lumo silinaukhudze.

"M'mawa uliwonse amalipesa tsitsi lakelo kuti ndidzampeze ali wokongola," analemba Esinati m'kamtambo kaja. "Taona chimene likundichita."

Anakweza chitenje pang'ono. Pa bondo pake panali patakulungika tsitsi lalitali lolukidwa, lomangika zolimba ngati chingwe cha mbuzi, ndipo linkatulukira pakhomo.

"Ndi mwana, achemwali. Mtima wake sungapirire."

"Mwana amene amamaliza mabuku ako tsiku limodzi? M'menemo ana ndiwo amapeza zoona, akuluakulu ali kukamwa yasa. Ana a eni ukuwakhulupirira. Wanga yekha ndiye ayi?"

Manyazi anamugwira Zione, ndipo mantha anaposa manyaziwo. Iye ankaopa kulira kwa mwanayo kuposa mzukwa uliwonse umene anaujambulapo. Komabe anagwira tsitsi lija n'kuyamba kulilondola. Linamudutsitsa m'kalasi momwe madesiki ankaimba nyimbo ya maliro motsitsa, kenako linamufikitsa ku bokosi lomaliza, limene anali asanalijambule chilichonse.

Munali moyera mbee. Pakati penipeni panakhala Ulemu, atavala yunifomu, atamupatsa msana. Zione anapeza kuti m'dzanja mwake muli sizasi. Anakhala pansi, mwanayo n'kudzisendeza yekha pakati pa mawondo ake monga amachitira pokalukidwa. Atadula koyamba, tsitsi linagwa pansi n'kusanduka inki. Atadula kachiwiri, anamva kutali munthu akuusa moyo ngati watula katundu.

"Amayi aang'ono," anatero Ulemu osacheuka, "mukundimetera ndani?"

Mizere inayi ya bokosilo inayamba kufupikirana. Kuseri kwake kunalibe tsamba lina. Zione anatchula dzina la mkulu wake mokweza, lonse lathunthu.

Anadzuka nalo lili pakamwa. Kunja kunali kutayera, ndipo pakhomo la chipinda panaima Ulemu, chipeso chili m'tsitsi, maso akuwala.

"Mwatchula amayi. Aimba foni?"

Zione anakhala tsonga. Anatambasula manja.

"Ayi, mwananga, sanaimbe. Kusukulu supita lero. Chotsa chipesocho, ubwere ukhale apa."