Kalata ya Magadalena

Bernadetta analowa m'chipatala cha mishoni akukoka mwana wake Magadalena padzanja.

Dzulo lake pamsika wa Linthipe, ayufi, anyamata a chipani, akuona ngati anthu ali ndi makhadi a chipanicho, mtsikanayo anayankhula mokweza ndi mawu enieni a bambo ake: "Khadi limeneli ndi msonkho wa akuba." Atcheyamani a chipani atamva, analamula kuti bambo ake, a Gerevazio, akaonekere kwa iwo Lachisanu.

Magadalena, wa zaka zisanu ndi zinayi, ankabwereza chilichonse chimene wamva ndipo sankayang'ana munthu kumaso, koma masamu ankaposa kalasi yonse. Msuweni wake Rafaelo sankayankhula n'komwe, ankangodzigwedeza pakhonde tsiku lonse. Munthu akati ana awiriwa n'chimodzimodzi, Bernadetta ankalusa ngati nkhuku ya anapiye.

"Si inu munandikalipira chaka chatha nditati matenda awo akufanana?" anafunsa a Zefaniya, adokotala a pamenepo.

"Ndinali ine, bambo. Lero lembani kalata yonena kuti ndi amodzi."

"Kunena zoona, nanenso sindidziwa. Mabuku ena amawaika pamodzi, ena amawasiyanitsa. Rafaelo ndinamulembera kuti mutu sugwira. Koma uyu mutu ukugwira."

"Ngati ukugwira, atcheyamani adziwa kuti mawu aja anawamva kunyumba. Amene amatengedwa pa nkhani zotere, inu munaonapo wobwerako?"

A Zefaniya anasuzumira kunja, n'kutseka chitseko. Nawonso mantha anali atawagwira.

"Walira mvula walira matope, mayi. Ahedi akusukulu kwake ndi alembi a chipani. Kalatayi aiwerenga."

Bernadetta anayang'ana mwana wake, yemwe ankandandalika mabotolo a mankhwala kuyambira lalifupi mpaka lalitali.

"Lembani," anatero.

Lachisanu atcheyamani anawerenga kalatayo kawiri, naseka.

"Kani ndi wamisala? Gerevazio, pita. Koma uzim'manga pakamwa."

A Gerevazio anabwera kunyumba ali bwinobwino. Lolemba ahedi anabweza Magadalena pakhomo la kalasi, nati sukulu si ya odwala mutu.

Magadalena sanamvetse. M'mawa uliwonse belu likalira kutsidya, ankavala yunifolomu, kutenga sileti n'kuima panjira. Bernadetta ankapita kukamutenga, n'kumuvula yunifolomuyo yekha.