Mawu a Bouchaib

Ana anga, anansi anga, senderani pafupi. Ndikukumbuka amuna anga a Bouchaib, omwe ankaitanira anthu kumapemphero pamzikiti wathu uno.

Chaka china mawu awo anasasa. Mbandakucha ankangokhosomola, azana, kuitanira mapemphero kuja, osamveka ngakhale kutsidya kwa msewu. Akuluakulu a mzikiti anayamba kunong'onezana zopeza wina. Ine ndinawapatsa uchi, ndinawapatsa mafuta a azitona, koma ayi ndithu.

Ndinawakokera kuchipatala. Dokotala wake anali mayi, dzina lake Touria. Anawayang'ana kukhosi, kenako anafunsa, "Bambo, pamtima pamatentha?"

"Chilungulira chokha, mwana wanga. Ndani alibe? Ine ndabwerera mawu."

"Chakudya chamadzulo mumadya nthawi yanji?"

"Ndimangolawa."

"Bodza!" ndinatero ine. "Akatha mapemphero omaliza, makomo onse amatumiza mbale. Uyu nyama yankhosa yonona, uyu nsomba zokazinga. Amamaliza zonse, tiyi wa minti pamwamba, n'kukagona."

"Iwe Rkia, ndikabweze mbale ya mnansi? Andiona bwanji?"

Dokotala anaseka. Anati akagona chokhuta, zowawasa za m'mimba zimakwera mpaka kukhosi n'kumawotcha mawu. Anawapatsa mapiritsi omwa asanadye m'mawa. Anati bedi tilikweze kumutu ndi njerwa, ndipo azidya dzuwa lisanalowe. Zikapanda kusintha abwerenso, adzawaunike m'kati ndi kachubu.

Mapiritsi anamwa, njerwa tinaika, koma kukana mbale kunawakanika. Basi ndinavala mpango wanga, khomo ndi khomo.

Mayi Zhor, mnansi wathu, anakwiya. "Ndiye kuti zophika zanga ndi zimene zikuwadwalitsa?"

"Ayi achemwali, zanu ndiye zimakoma mopitirira. Muzitumiza masana, adye ali maso."

Anansi anagwirizana okhaokha, tsiku lililonse khomo limodzi, masana. A Bouchaib ankadandaula kuti ndawalanda ufumu.

Mwezi wachiwiri usanathe, m'mawa wina ndikukanda ufa wa buledi, ndinamva mawu aja akudutsa pamadenga, oyera ngati kale. Ndinakhala pansi, manja ali ufa okhaokha. Za kupeza wina sizinamvekenso. Anaitana mpaka miyendo inakana masitepe a nsanja ya mzikiti, ndipo anatisiya ndi ukalamba basi.

Ine sindidandaula, tinakhala bwino. Koma mukamva azana mbandakucha, ngakhale akuitana ndi wina, muziwatchula dzina a Bouchaib. Ine ndikadzapita, musadzaleke.