Sajeni Amene Anadzisumira Yekha

Lorna Haugland anali atagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi ku bungwe limene limapereka ndi kulanda ziphaso za upolisi m'chigawo chawo, ndipo ankaganiza kuti madandaulo a mtundu uliwonse anali atawaona kale. Ena ankalemba ndi ukali mpaka cholembera kuboola pepala. Ena ankatumiza zithunzi za mano oguluka. Panalinso mayi wina amene ankalemba mwezi ndi mwezi kuti wapolisi wa m'tauni yawo amayang'ana galu wake ndi diso loipa. Koma kalata imene inafika Lachiwiri lina mu Okutobala anaiwerenga katatu, khofi wake mpaka kuzizira m'kapu.

Inali ya mizere isanu yokha. Wodandaula anali Sajeni Wendell Tarbox wa ku polisi ya Pruitt Ferry. Womudandaulayo analinso Sajeni Wendell Tarbox wa ku polisi ya Pruitt Ferry. Mlandu wake unali wonama mu lipoti, n'kukanamanso m'khoti atalumbira, zaka khumi ndi chimodzi zapitazo.

"Gus, taona izi," anatero Lorna uku akuponya kalatayo pa desiki ya mnzake.

Gus Ostrander anali wapolisi wopuma, bambo wa mimba yake ndithu, amene ankakhulupirira kuti palibe munthu wovala yunifomu angamudabwitsenso. Anavala magalasi, n'kumwaza maso pa pepalalo.

"Wachenjera ameneyu," anatero. "Pali china chikumuthamangitsa. Akufuna abweze yekha chiphaso tisanamufike, fayilo itsekedwe, chaka chamawa ukamupeze akulondera sitolo kwinakwake mbiri ili mbee."

"Werenga mzere womaliza, mkulu iwe. Magalasiwo unagulira chiyani?"

Gus anawerenga mokweza. "Chiphaso sindikubweza. Ndikupempha kuti mundiitane pabwalo lanu, mundizenge mlandu, mundilande."

Anavula magalasi aja. "Ndiye wapenga basi."

"Wopenga amalemba nambala ya mlandu molondola chonchi?"

"Iwe ndi mafunso ako! Mafayilo makumi atatu akutidikira apa."

Koma Lorna anali atayamba kale kufufuza pa kompyuta. Chimene chinkamuvutitsa mutu chinali ichi: wapolisi akabweza yekha chiphaso, zifukwa zake sizilembedwa paliponse, amangochoka mwakachetechete. Koma akalandidwa pabwalo, zonse zimalembedwa, aliyense akhoza kuziwerenga, ndipo dzina lake limalowa pa mndandanda wa dziko lonse wa anthu osayeneranso kugwira ntchito ya upolisi. Zaka zonsezi Lorna ankaona apolisi akuthawira njira yoyambayo. Uyu ankaikana dala.

Mbiri ya Tarbox inali yoyera. Zaka makumi awiri ndi zitatu pa ntchito, mamendulo awiri, dandaulo limodzi lokha la kuimika galimoto potseka geti la tchalitchi. Mlandu umene anatchulawo unali wa munthu wina dzina lake Abel Quintanilla, amene anakhala kundende zaka ziwiri ndi theka chifukwa chomenya wapolisi pa chionetsero cha zaulimi.

Lachinayi Lorna anayendetsa galimoto maola anayi, kudutsa minda ya tirigu yokololedwa kale, akutsatira malole odzaza mbatata amene sankafuna kum'patsa njira. Anamupeza Tarbox kunyumba kwake, ali kukhitchini, atavala epuloni, akuthira matimati owiritsa m'mabotolo. Anali wamtali, wa imvi, wa chipsera pamwamba pa diso lamanzere. M'chipinda china munkamveka munthu akutseka madirowa mwaukali.

"Ameneyo ndi Noreen, mayi akunyumba," anatero Tarbox. "Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi osandilankhula. Khalani apo, Mayi Haugland. Khofi?"

"Ndimwa. Koma choyamba ndiuzeni, Sajeni, kodi pali amene wakuopsezani?"

"Ayi."

"Mukudwala?"

"Dokotala akuti ndikhoza kufika zaka makumi asanu ndi anayi ndikasiya nyama yankhumba."

"Nanga mwalowa mpingo watsopano?"

Tarbox anaseka pang'ono. "Abusa athu omwe akuti ndaonjeza."

Kenako anafotokoza, maso ali pa mabotolo ake. Linali tsiku lotentha la mu Ogasiti, masana, chionetsero chili mkati. Kumakola a ng'ombe kunabuka ndewu ya anyamata ogwira ganyu m'minda. Iye anathamangira komweko n'kugwira munthu woyamba amene anamufikira, Abel Quintanilla, yemwe sankamenyana n'komwe, ankangokoka mlamu wake kuti achoke pandewupo.

"Ndiye ndinaponda ndowe," anatero Tarbox. "Ndowe za ng'ombe, mayi. Miyendo m'mwamba, nkhope pa geti lachitsulo, phwaa! Anthu onse anafa nacho chiseko. Ngakhale ana. Nditadzuka, magazi ali chuchuchu, ndinaona Abel nayenso akumwetulira. Ndinamumenya ndi ndodo pa mkono, fupa n'kuthyoka."

"Ndiye mkono wothyokawo unafunika chifukwa chake."

"Eya. Ndinalemba kuti anandikankhira pa geti. Ndinkati angomulipiritsa chindapusa, zithe. Koma woimira boma pa milandu anaikonda nkhaniyo, inafika kukhoti, ndipo pofika nthawiyo a ganyu onse amene anaona anali atapita kukathyola maapozi kumpoto. Ndinalumbira, n'kubwereza bodza lomwelo. Kachiwiriko linatuluka mosavuta kuposa koyamba."

Lorna analemba, kenako anaika cholembera pansi. "Zaka khumi ndi chimodzi mwakhala chete. Bwanji lero?"

Tarbox anapukuta manja, n'kutsegula dirowa ya masipuni, n'kutulutsa pepala lopindidwa. Sukulu za m'deralo zinkasowa oyendetsa mabasi a ana, ndipo mafomu a ofunsira ntchitoyo ankadutsa kupolisi kuti aone mbiri zawo. Woona mbirizo anali Tarbox yemweyo. Pa fomu ya Abel, pa funso lakuti kodi munamangidwapo, panalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: INDE. SINDINACHITE. FUNSANI AMENE AKUWERENGA FOMUYI.

"Ndinafunika kungodinda kuti wakanidwa," anatero Tarbox. "Chidindo ndinachinyamula ndithu. Dzanja linakana kutsika."

Zitatero, Tarbox anapita kwa woimira boma pa milandu, amene anamuuza kuti nthawi yozengera mlandu wa bodza la m'khoti inadutsa kalekale, apite kwawo akapume. Anapita kwa mkulu wa polisi, amene anatseka chitseko n'kumuuza kuti apume pa ntchito mwaulemu, anthu adye keke, nkhani ithere pomwepo. Loya wina ndiye anamuuza zoona: khoti silingatsegulenso mlandu wa Abel chifukwa cha mawu a munthu mmodzi amene chikumbumtima chamugwira, koma bungwe la ziphaso likafufuza n'kulemba kuti bodza linalipodi, woweruza sangachitire mwina.

"Mukudziwa kuti milandu yonse imene munaperekapo umboni tidzaiunikanso?" anafunsa Lorna.

"Ndinaiwerenga. Ilipo makumi anayi, kupatula wa Abel."

"Munanama kangati?"

"Kamodzi."

"Onse amatero."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake wofufuza ndinu, osati ine."

Lorna anakamupeza Abel Quintanilla pa galaja ina kumapeto kwa tauni, akulimbana ndi tayala la thirakitala lotalika kuposa iye mwini. Anali wamfupi, wa mapewa aakulu, ndipo mkono wake wamanja sunkawongoka bwinobwino. Lorna atadzidziwitsa n'kunena chimene wabwerera, Abel anakhala pa tayalalo, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye anawerengadi?" anafunsa.

"Anawerenga, Bambo Quintanilla. Mumayembekezera kuti achita chiyani?"

"Palibe. Fomu iliyonse ndimalemba kuti sindinachite, zaka zisanu ndi zitatu tsopano, ndipo palibe amene anandiimbirapo foni. Ulendo uno mkazi wanga anati, ukudziwa kuti amawerenga ndi Tarbox? Ndiye ndinaonjezera ka mzere kenako. Ndinkangofuna khofi amuwawire m'kamwa m'mawa umodzi."

"Akuti munamwetulira atagwa."

"Mayi, munaonapo wapolisi wamtali ngati mlongoti akuuluka pa ndowe? Ngakhale ng'ombe zinaseka." Anaseka, koma chisekocho chinazima msanga. "Mwana wanga wamkazi anayamba kuyenda ine ndili m'kati. Zimenezo bungwe lanu lili ndi fomu yake?"

"Lilibe," anatero Lorna.

"Chabwino. Bola mwanena zoona. Mukufuna ndisaine pati?"

Pobwerera, Lorna ankalingalira vuto limodzi. Mawu a anthu awiriwa ankagwirizana, koma akuluakulu a bungwe akanatha kunena kuti Tarbox wangomvera chisoni munthu wosowa ntchito. Pankafunika kanthu ka tsiku lomwelo, kolembedwa bodza lisanabadwe. Ali pa malo omwetsera mafuta, anadzifunsa kuti kodi munthu wong'ambika pankhope amayamba wapita kuti, ku ofesi kukalemba lipoti kapena kuchipatala kukasokedwa? Anaimbira Tarbox pomwepo.

"Nesi atakufunsani kuti chachitika n'chiyani, munayankha kuti chiyani?"

"Sindikukumbuka. Mutu unkazungulira."

"Mulola kuti ndione mapepala anu akuchipatala?"

Analola. Mapepalawo anatenga milungu itatu kuti apezeke m'chipinda chosungiramo zakale. Lorna anatsegula envelopu Gus ataima kumbuyo kwake, akunamizira kuti akufuna sitepula. Pa tsamba loyamba, nesi wina wa kalembedwe kopendekeka anali atalemba: "Wodwala akuti anaterereka n'kugwera pa geti. Nsapato ndi thalauza zili ndi ndowe, tamupatsa zovala zina." Nthawi yake inali maola atatu lipoti la kupolisi lisanalembedwe.

"Mayo ine," anatero Gus. "Pepala limeneli lakhala pamenepo zaka zonsezi, loya wa Quintanilla osalifunsa?"

"Anali ndi milandu ingati sabata imeneyo? Ndani amafunsa mapepala a munthu amene wamenyedwa, chipsera chikuoneka ndi maso?"

Bwalo linakhala mu Disembala, kunja kukugwa chipale chofewa. Akuluakulu a bungwe analipo asanu ndi anayi, ena apolisi, ena anthu wamba. Lorna anali asanaonepo mlandu woyenda chotero. Mkulu wa polisi ya Pruitt Ferry anabwera osaitanidwa kudzachonderera kuti sajeni wake angomuimitsa miyezi isanu ndi umodzi, n'kuyamba kutchula za mwana amene Tarbox anamuvuula mumtsinje.

"Bwana, mwanayo ndinamuvuuladi," anadula mawu Tarbox, "koma sizikuwongola mkono wa munthu uyo."

"Khala chete, Wendell, ndikukuthandiza!"

"Ndiye vuto lake limenelo."

Wapampando anachita kumenya tebulo. Mayi wina wa m'bungwemo, mphunzitsi wopuma, anafunsa funso limene Lorna nayenso linkamuzungulira m'mutu: akamulanda chiphaso munthu amene wadziulula yekha, kodi wapolisi wina adzayerekezanso kuulula? Wina anayankha kuti akapanda kumulanda, ndiye kuti bodza la m'khoti mtengo wake ndi tchuthi cha miyezi ingapo. Anakangana ola lathunthu. Pomaliza asanu ndi awiri anati alandidwe, awiri anakana. Tarbox anaika baji yake pa tebulo, Noreen n'kumugwira pa chigongono, akuyang'anabe kumbali. Abel anakhala kumbuyo mpaka mapeto, n'kutuluka osapereka moni kwa aliyense.

Mu Malichi khoti linafafaniza mlandu wa Abel. Woweruza anapepesa m'mawu awiri atatu, ndipo nkhaniyo inatuluka pa tsamba lachinayi la nyuzipepala ya m'deralo.

Lorna anatsala ndi milandu makumi anayi ija. Anaiwerenga umodzi umodzi nyengo yonse yozizira. Makumi atatu ndi isanu ndi inayi inali yolongosoka. Umodzi unamukanirira. Unali wa mayi wina, Ardith Solheim, amene analandidwa laisensi yoyendetsera galimoto zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Lipoti la Tarbox linkati mayiyo anakana kupuma m'kachida koyezera mowa. Koma kaundula wa zida wa ku polisiko ankasonyeza kuti sabata imeneyo kachidako kanali kokakonzedwa mumzinda.

Lorna anakamupeza Tarbox ku sitolo ya mbewu kumene anali atayamba ntchito, akusanja matumba. Anamupatsa mapepala onse awiri. Tarbox anawawerenga ataimirira, kenako anakhala pa thumba n'kuwawerenganso.

"Dzanja ndi langa," anatero. "Koma tsiku limeneli sindikulikumbuka, mayi. Mwina tinabwereka kachida ka apolisi apamsewu. Tinkatero nthawi zina."

"Mwina?"

"Mwina. Ndikanakonda ndikanakuuzani motsimikiza." Nkhope yake inali itagwa kuposa tsiku la pabwalo lija. "Bodza lija ndinkalidziwa, ndinkagona nalo. Kodi munthu angakhale ndi lina osalidziwa?"

Lorna anabweza mapepalawo m'chikwama chake. Anamufunsa kumene Ardith Solheim amakhala. Tarbox anang'amba kapepala pa thumba la mbewu n'kujambula njira: kudutsa mlatho, kukhotera kumanzere pa nkhokwe ziwiri zazitali, nyumba yobiriwira ya mbuzi zambiri.

"Msewu wake ndi wamatope mwezi uno," anatero. "Muyende chakumanja."

Lorna anaimbira Gus kuti asamudikire ku ofesi, n'kuliza galimoto kulunjika ku mlatho.