Chingwe cha Thanga

Ndikuyamika Mulungu amene wandidzutsa wamoyo, ngakhale mtima wanga ukuwawa.

Ndinalota mwana wanga Limbani ali m'bwato laling'ono, dzuwa lili paliwombo. Atsibweni ake, amene anamutenga kuti akamuphunzitse kuyendetsa bwato la thanga, anakhala kumbuyo atandifulatira. Thangalo linali chitenje changa cha kutchalitchi, cholumikizidwa kumlongoti ndi minga.

"Mphwanga, chingwe cha thanga samanga," anatero atsibweni akewo. "Umagwira m'manja. Mwera ukakula, umachitaya."

Limbani anaseka. "Amayi amati manja angawa sagwira kanthu. Ndingomanga basi."

Anachikulunga pamkono katatu. Mphepo inabwera ikununkha utsi wa m'khitchini mwanga, ndipo m'mphepomo ndinamva mawu anga omwe, aja ndinamuuza tsiku limene ankachoka: "Pita, nyanjayo ikakhale mayi ako." Bwato linapendekeka. Ndinafuna kufuula kuti amasule, koma m'kamwa mwanga munkangotuluka mchenga wotentha.

Ndinadzuka lilime litauma gwa.

Papita miyezi inayi mwanayo osandiimbira foni. Ndakhala ndikuuza anzanga a kumapemphero kuti ndi wosamva, iwo n'kumandivomereza. Kodi Ambuye akundichenjeza za mwera, kapena za pakamwa pangapa? Sindikudziwa. Lero ndamuimbira kawiri, foni yangoitana osayankhidwa.

Inu amene mwawerenga, Ambuye akusungireni ana anu pamadzi ndi pamtunda. Ndipo tsiku limene adzabwere kudzakutsanzikani mutakwiya, Iye adzakugwireni pakamwa.